Galu ayende, koma ayende kuti?

Umbava ukachuluka, mtengo wa galu umakwera. M'matauni ang'onoang'ono monga Mponela, Ntcheu, Balaka, Luchenza ndi Liwonde, mabanja ambiri amene amanga mpanda amafunanso galu woti azilondera usiku, ndipo m'mbali mwa misewu ya m'mizinda ana agalu akugulitsidwa ngati tomato. Galu ndi mlonda wosalipidwa pakutha pamwezi, wosapempha tchuthi, wokhutira ndi nkhoko za nsima ndi mitu ya usipa. Chodandaulitsa n'chakuti ambiri mwa ogula agaluwa saganizirako funso limodzi: kodi chiweto chimenechi chiziyenda kuti?

Masiku ano galu wa m'tauni ali ndi miyoyo iwiri, ndipo yonse ndi yoipa. Wina amamangidwa pa tcheni chachifupi kuseri kwa nyumba kapena kutsekeredwa m'kakhola, dzuwa ndi mvula zomwe, eni ake n'kumati akumusunga kuti akhale wolusa. Wina amasiyidwa kuti adzionere yekha. Ameneyu amafwanthula kudzala la kumsika, amadikira magazi pophera mbuzi, usiku n'kulowa m'gulu la anzake kuthamangitsa anthu ochokera kuntchito. Wa pa tcheni uja, tsiku limene tchenicho chaduka, amaluma aliyense amene wakumana naye chifukwa sadazolowere anthu. Woyendayenda uja amalumana ndi agalu osadziwika kwawo, ndipo matenda amene watola kumeneko amabwera nawo pakhonde pamene ana akusewera.

Njira yachitatu ilipo ndipo siyodula: mwini galu azimutenga pa chingwe tsiku ndi tsiku kukawongola miyendo pamalo oyenera, kenako n'kubwerera naye kumpanda. Ena akamva izi amaseka, amati n'zachizungu, za anthu a ku Area 10 kapena kwa Namiwawa amene alibe chochita. Koma makolo akale sankasiya galu pakhomo. Popita kumunda galu ankatsogola, abusa ankapita naye kudambo, alenje ankapita naye kuuzimba. Galu ankayenda mitunda limodzi ndi mbuye wake, n'kubwera atatopa. Chimene chasintha ndi malo. Munthu wa pa boma amadzukira kugolosale, kuofesi kapena kumsika, kumene galu sangamutsatire. Ulendo umene kale unkachitika wokha tsopano uyenera kukonzedwa mwadala.

Nkhaniyi siyoseketsa chifukwa kumapeto kwake kuli chiwewe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti nthendayi imapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 100 odwala chiwewe, pafupifupi 99 amachitenga kwa galu, ndipo mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti zili ndi chiwewe, anayi amakhala ana osapitirira zaka 15. Kachilomboka kamakhala m'malovu. Kakalowa pabala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika kuubongo, ndipo kawirikawiri pamapita miyezi iwiri kapena itatu munthu asanaonetse chizindikiro chilichonse. Zizindikiro zikangoyamba, monga kuopa madzi, kubwebweta ndi kutuluka dovu, mankhwala ochiza palibe.

Dziko lino lili ndi umboni wake. M'chaka cha 2007, Dr Macpherson Mallewa ndi anzake adafalitsa zimene adapeza pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre. Mwa ana 133 amene adamwalira ndi matenda ogwira ubongo m'zaka zitatu, 14 adafa ndi chiwewe. Chochititsa mantha kwambiri n'chakuti mwa ana 26 amene poyamba ankawaganizira kuti afa ndi malungo a muubongo, atatu adapezeka kuti chidawapha ndi chiwewe. Izi zikutanthauza kuti pali maliro ena amene anthu amati ndi malungo, ena amati ndi ufiti, chikhalirecho gwero lake ndi kagalu kamene kadakanda mwana miyezi iwiri yapitayo, iye osanena poopa kukalipiridwa.

Chiwewe chimagonja agalu akalandira katemera. Akatswiri adapeza kuti agalu 70 mwa 100 aliwonse m'dera akamabayidwa chaka ndi chaka, kachilomboka kamasowa kolowera. M'chaka cha 2015, bungwe la Mission Rabies mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto lidabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo pambuyo pake ntchitoyi idafalikira ku Zomba ndi ku Chiradzulu. Ambiri mwa agaluwo adachita kubwera nawo eni ake, makamaka ana, kumasukulu a pulaimale kumene kunkachitikira katemerayo. Kafukufuku wotsatira mumzindawu adaonetsa kuti zina mwa zimene zimalepheretsa anthu kupititsa galu kukatemera ndi kutalika kwa mtunda komanso kulephera kumugwira galuyo. Apa ndiye pali phunziro. Galu amene sadavalepo chingwe chibadwire sangalole kukokedwa tsiku la katemera. Amene amayenda ndi mbuye wake tsiku lililonse amapita kukabayitsa ngati akupita koyenda.

Nanga malo abwino oyendetsako galu ndi otani? Akhale malo opanda piringupiringu wa anthu ndi magalimoto, otalikirana ndi chakudya cha anthu komanso madzi akumwa, oti munthu azitha kuona patali chimene chikubwera, ndiponso oti eni malowo alola. Matauni ambiri mdziko muno ali ndi malo otere.

Oyamba ndi misewu ya fumbi yotuluka m'tauni kupita kuminda ndi kumidzi. Misewu imeneyi ndi ya aliyense, ili ndi mithunzi ya mango ndi bulugamu, ndipo m'mawa kwambiri mumangodutsa njinga za makala ndi amayi opita kuchigayo. Kuyambira mwezi wa Meyi anthu akakolola kufikira mvula yoyamba, minda imakhala poyera ndipo munthu amaona patali. Koma nthawi yomweyo mbuzi ndi nkhuku zimakhala zitamasulidwa, choncho chingwe chisachoke m'manja. Galu akagwira mbuzi ya mwini, mlandu umapita kwa amfumu ndipo wolipira ndi mwini galu. M'dzinja, galu ayende m'njira osati m'mizere, pakuti mlimi amene wagula feteleza ndi ndalama zokongola sangasekerere kuona chimanga chake chitathyoledwa. Anyamata akamatentha tchire posaka mbewa, ndi bwino kusintha njira kuopa moto ndi zitsa zotentha.

Achiwiri ndi njira za m'mphepete mwa madambo. Kumeneku kumazizira bwino ndipo nthaka yake ndi yofewa kumapazi. Chofunika ndi kulambalala madimba a ndiwo zamasamba ndiponso zitsime zimene anthu amatungapo madzi. Galu asaloledwe kumwa kapena kusamba pachitsime, ngakhale pamjigo. Udzu wa kudambo, makamaka kumene kumadya ng'ombe, umakhala ndi nkhupakupa zambiri, ndipo zina zimapatsa galu matenda otha magazi. Pobwera koyenda mpofunika kumuyang'ana m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Kumene dibi likugwirabe ntchito kapena kumene kuli sitolo ya mankhwala a ziweto, alangizi angathandize kusankha mankhwala oyenera galu, chifukwa ena opopera ng'ombe amatha kumupha akasakanizidwa molakwika.

Achitatu ndi mabwalo a mpira, amene pafupifupi tauni iliyonse ili nawo. M'bandakucha mabwalowa amakhala opanda anthu, ndipo kuzungulira kangapo m'mphepete mwake n'kokwanira kutopetsa galu. Koma bwalo la sukulu lili ndi eni ake. Mphunzitsi wamkulu kapena komiti ya sukulu iyambe yavomera, ndipo galu achokepo ana asanayambe kufika. Pamwamba pa zonse, chimbudzi cha galu chisasiyidwe pabwalo. Mumakhala mazira a njoka za m'mimba, ndipo tizilombo tina tochokera m'menemo timaboola khungu la mwana wosewera wopanda nsapato n'kumayenda pansi pa khungulo, kusiya mizere yoyabwa. Kajumbo kamodzi m'thumba, kapena kakhasu kokwirira, n'kokwanira kupewa zimenezi. Amene akuchita manyazi kutola za galu wake asapite naye pabwalo la ana a eni.

Matauni okhala m'tsinde mwa mapiri ali ndi mwayi woposa ena. Anthu a ku Zomba ali ndi misewu yokwera phiri ndiponso njira zodutsa m'nkhalango ya paini kulowera ku mathithi a Williams ndi ku Emperor's View. A ku Dedza ali ndi njira zokwera phiri lawo kuchokera pa boma pomwe. A ku Mulanje ali ndi njira za m'munsi mwa phiri cha ku Likhubula, ndipo a ku Ntchisi nawo ali ndi nkhalango yawo. Awa ndi malo ozizira, a mpweya wabwino, oti banja lonse lingapiteko Loweruka. Komabe nkhalango zimenezi n'zotetezedwa ndipo zili m'manja mwa nthambi ya za nkhalango. Safunsa adadya phula: munthu ayambe wafunsa kuofesi kapena pachipata ngati galu akuloledwa komanso mbali iti. Damu la Mulunguzi pa Phiri la Zomba ndi limene limamwetsa mzinda wonse, choncho si posambitsira galu. Phiri la Mulanje, limene bungwe la UNESCO lidaliika m'gulu la malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 2025, lili ndi malo amene anthu a m'derali amawalemekeza mwa chikhalidwe chawo. M'mapiri mulinso anyani akuluakulu amene amatha kung'amba galu, kwina kuli afisi, ndipo opha nyama mozemba amatchera misampha ya waya. Galu womasulidwa akhoza kulowa m'tchire osabwerako.

Ku Thyolo ndi ku Mulanje kuli misewu yokongola ya m'minda ya tiyi, monganso ku Dwangwa ndi ku Nchalo kuli ya m'minda ya nzimbe. Misewu yambiri mwa imeneyi ndi ya makampani. Ena amalola anthu kudutsa, ena salola, ndipo nthawi zina m'minda mumakhala mutapoperedwa mankhwala. Mawu awiri ndi mlonda wa pachipata amapulumutsa munthu ku mkangano wosafunika.

Kunyanja, monga ku Salima, Nkhotakota, Mangochi ndi Monkey Bay, mchenga wa m'mbali mwa madzi ndi malo abwino kwambiri m'mawa dzuwa lisanatenthe. Koma gombe ndi khitchini komanso malo a ntchito a anthu ambiri. Pali pamene asodzi amayanika usipa ndi utaka, pali pamene amayi amatsuka mbale ndi kutunga madzi, pali pamene ana amasambira. Woyenda ndi galu asankhe mbali yopanda zonsezi. Apewenso mabango ndi mathiriro a mitsinje monga Bua ndi Linthipe, komanso magombe a mtsinje wa Shire ku Liwonde, Chikwawa ndi Nsanje. Ng'ona imakonda galu, ndipo ikamugwira ali pa chingwe ikhoza kukokera m'madzi ndi mwini wake yemwe.

Palinso malo amene galu sayenera kupondako n'komwe. Oyamba ndi malo osungirako nyama zakutchire monga Liwonde, Majete, Lengwe, Kasungu ndi Nkhotakota. Lamulo limaletsa kulowetsamo ziweto popanda chilolezo, ndipo chifukwa chake n'chomveka. M'chaka cha 2021, mimbulu 14 idabweretsedwa kuchokera ku South Africa ndi ku Mozambique n'kuikidwa ku Liwonde ndi ku Majete, patapita zaka zambiri nyamazi zitasowa mdziko muno. Mimbulu imatenga chiwewe ndi matenda ena kwa agalu a pakhomo, ndipo galu mmodzi wodwala akhoza kupulula gulu lonse. Nayenso galu amakhala pangozi, pakuti m'madera oyandikana ndi nkhalango za Nkhotakota ndi Kasungu muli kashembe amene amadwalitsa agalu monga amachitira ndi ng'ombe. Mabanja okhala m'malire a nkhalangozi ayende ndi agalu awo cholinga kumidzi osati kumpanda wa nyama.

Msika nawo si malo a galu. Pamsika pali nyama yopachika, nsomba zoyala pansi, ziwaya za tchipisi ndi ana oyenda okha. Pamenepo ndi pomwenso pamasonkhana agalu osowa eni, amene sadabayidwepo katemera. Msewu wa M1, umene umadutsa pakati penipeni pa Lunzu, Zalewa, Ntcheu, Lizulu, Mponela ndi Jenda, ndi woopsa kwa munthu ndi galu yemwe. Mitembo ya agalu imene imaoneka m'mawa pamsewuwu ndi umboni wokwanira. Galu wodumphira pamsewu mwadzidzidzi amagwetsa wa kabaza ndi womukwera, ndipo amatha kuchititsa minibasi kusiya msewu. Chimodzimodzinso njanji. Njira ya m'mbali mwake imaoneka yowongoka ndi yabata, koma sitima zonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala, zodutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde, n'zazitali ndi zolemera moti sizingaime msanga chifukwa cha munthu amene akulimbana ndi galu pakati pa njanji.

Ulemu kwa anansi ndi mbali ina ya nkhaniyi. Kumanda si koyendako wamba, ndipo m'madera ambiri a chigawo cha pakati nkhalango ya kumanda ndi dambwe. Wolowako ndi galu chifukwa chofuna mthunzi adzalipira mbuzi kapena nkhuku. Asilamu ambiri, amene ndi ochuluka m'maboma monga Mangochi, Machinga, Balaka, Salima ndi Nkhotakota, amaona malovu a galu ngati chinthu chodetsa, moti galu akanyambita chovala cha munthu wopita kumzikiti amamusokonezera mapemphero. Kudutsa patali ndi mzikiti, tchalitchi ndi chipatala, komanso kufupikitsa chingwe pokumana ndi anthu panjira, ndi khalidwe la munthu woleredwa. Mawu akuti galuyu saluma sathandiza munthu amene adalumidwapo kale.

Nthawi yoyendera nayo ndi yofunika. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati munthu, amadziziziritsa potulutsa lilime ndi kupuma mofulumira. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, makamaka kuchigwa cha Shire ndi kunyanja, kumuyendetsa masana n'kumupha. Phula ndi mchenga zimene munthu sangapondepo wopanda nsapato zimawotchanso mapazi a galu. M'bandakucha kapena madzulo dzuwa litapepa ndiyo nthawi yake, ndipo mphindi 30 mpaka ola limodzi n'zokwanira kwa agalu ambiri. Mdima usanagwe akhale atabwerera kukayamba ntchito yake yolondera, atamwa madzi ndiponso atadya.

Chingwe sichifuna ndalama zambiri. Cha khonje kapena cha nayiloni chotalika mamita awiri, chomangidwa ku lamba wakale wa chikopa, n'chokwanira. Lambayo asathine: zala ziwiri zizitha kulowa pakati pa lamba ndi khosi. Waya ndi woipa chifukwa amacheka khosi n'kusiya zilonda zogwa mphutsi. M'mera mpoyamba, kotero galu azolowetsedwe chingwe akadali wamng'ono, kuyambira m'kati mwa mpanda. Wamkulu amene wakhala pa tcheni zaka zambiri amafuna kuleza mtima, ndipo masiku oyamba ayendetsedwe ndi munthu wamphamvu, kumalo kopanda anthu. Galu wamkulu asapatsidwe kwa mwana wa sitandade 2 kuti ayende naye yekha. Wodziwika kuti ndi wolusa avekedwe chotseka kukamwa. Wamkazi amene ali pa nyengo yofuna amuna akhale kaye pakhomo, apo ayi agalu a tauni yonse adzaperekeza ulendowo. Panjira, galu asaloledwe kutola chilichonse chodyedwa, chifukwa akuba amaponya nyama yothira tameki pofuna kupha alonda a miyendo inayi amenewa.

Koposa zonse, galu amene sadalandire katemera wa chiwewe asatuluke mumpanda. Katemera amayamba galu akakwana miyezi itatu, ndipo pa kampeni yobaya agalu ngakhale aang'ono kuposa apo amalandira. Chiphaso cha katemera chisungidwe bwino ngati chiphaso cha kusikelo ya mwana, pakuti tsiku la mlandu ndicho chimalankhula. Ngozi ikachitika, galu n'kuluma kapena kukanda munthu, bala litsukidwe msangamsanga ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako wolumidwayo athamangire kuchipatala tsiku lomwelo ndipo nkhaniyo ikanenedwe kwa alangizi a ziweto. Kupaka mankhwala azitsamba kapena ubweya wootcha wa galuyo pabala n'kutaya nthawi. Galu woluma, ngati ali ndi mwini, atsekeredwe ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10, koma wolumidwa asadikire masiku amenewo asanaonane ndi achipatala. Katemera wa anthu akapezeka kuti watha pachipatala chaching'ono, achibale afunse kumene ali ndipo apite, chifukwa ndalama ya thiransipoti ndi yochepa poyerekeza ndi ya bokosi.

Phindu la ulendowu silithera pa galu. Kafukufuku wa unduna wa za umoyo ndi WHO wa m'chaka cha 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka za pakati pa 25 ndi 64 mdziko muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. A WHO amalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Bambo wa pagolosale amene amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka usiku, kapena mayi wa muofesi amene amakwera kabaza ngakhale popita pafupi, akamayenda ndi galu theka la ola masiku asanu pa sabata ndiye kuti wakwanitsa mlingo umenewu osalipira kanthu.

Pali ena amene anganene kuti dziko limene anthu akuvutika kupeza thumba la chimanga silingataye nthawi kukambirana zoyendetsa agalu. Mawuwa ali ndi nzeru yake, koma akuiwala amene amalumidwa. Mwana wa bwana amapita kusukulu pa galimoto. Wokumana ndi gulu la agalu m'bandakucha ndi mwana woyenda wapansi, mayi wolawirira kukapikula tomato, mlonda wochokera kuntchito ndi mnyamata wa kabaza. Banja losauka likalumidwa limataya masiku a ganyu ndi ndalama zoyendera maulendo angapo kuchipatala cha boma kukalandira jakisoni. Kusunga galu mumpanda n'kumamuyendetsa pa chingwe ndi njira yotetezera osauka kwa agalu a anthu opeza bwino. Ndipo amene akuona kuti sangathe kudyetsa, kubayitsa ndi kuyendetsa galu, ndi bwino asamuwete n'komwe. Walira mvula walira matope.

Makhonsolo nawo ali ndi gawo lalikulu. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 lidawapatsa mphamvu zopanga malamulo a m'madera awo, koma m'matauni ambiri malo opanda nyumba akutha. Dambo lagawidwa mapuloti, m'mbali mwa bwalo la mpira mwamera mashopu, njira yachidule imene anthu ankadutsa yatsekedwa ndi mpanda wa njerwa. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni mdziko muno, ndipo chiwerengerochi chikukwerabe. Masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 2021, akufuna kuti malo monga Karonga, Nkhata Bay, Salima, Liwonde, Mangochi, Kasungu, Luchenza ndi Bangula akule n'kukhala mizinda. Ngati malo opumirako ndi njira za oyenda pansi sizipatulidwa lero, pamene malo akadalipo, mawa sizidzapezekanso. Malo amene galu angayendeko mwamtendere ndi omwewo amene ana angasewereko ndiponso okalamba angawongoleko miyendo.

Zimene khonsolo ingachite sizofuna thandizo la maiko akunja. Ingathe kukhala pansi ndi mafumu, makomiti a misika ndi a masukulu n'kugwirizana njira ziwiri kapena zitatu zimene eni agalu angamadutse, n'kulengeza pamsika ndi pa wailesi za m'madera. Ingathe kuchotsa zinyalala za kumsika panthawi yake ndi kutchinga malo ophera nyama, pakuti chakudya cha kudzala ndicho chimachulukitsa agalu oyendayenda. Ingathe kulengeza masiku a katemera nthawi ikadalipo ndi kuika malo obayira pafupi ndi anthu. Kale boma likalamula kuti agalu onse amangidwe, opezeka akuyendayenda ankawomberedwa. Akatswiri a WHO adanena kale kuti kupha agalu mwachisawawa sikuthetsa chiwewe, chifukwa ophedwawo ena amakhala obayidwa kale ndipo malo awo amatengedwa ndi ana agalu osabayidwa. Ndalama ya zipolopolo ingagwire ntchito yabwino ikagula katemera ndi kuthandiza kufula agalu kuti asamaswane mopitirira muyeso. Mabungwe monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre akhala akugwira ntchito yotere, ndipo sukulu ya LUANAR tsopano imaphunzitsa madotolo a ziweto mdziko momwe muno. Chotsala n'chakuti ntchitozi zifike pa Mitundu, pa Ntaja ndi pa Nkhamenya, osathera m'mizinda ikuluikulu.

Maiko adagwirizana kuti pofika chaka cha 2030 pasadzakhalenso munthu womwalira ndi chiwewe chochokera kwa agalu. Chaka chilichonse pa 28 Sepitembala, tsiku limene adamwalira Louis Pasteur amene adayamba kubaya munthu katemera wa chiwewe m'chaka cha 1885, akuluakulu amalankhula pamisonkhano yokumbukira nthendayi. Koma chiwewe sichidzatha ndi zolankhula. Chidzatha pamene khomo lililonse lokhala ndi galu lidzakhala ndi chiphaso cha katemera m'kabati, chingwe pamsomali kuseri kwa chitseko, ndi munthu wamkulu wodziwa njira yoyenda naye m'mawa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwini galu aliyense ali ndi ngongole kwa ana onse odutsa pakhomo pake popita kusukulu.